Thabwa la Mapiritsi Lili kwa Alamu

Sukulu ndinalekezera Fomu 2, koma kuwerenga sindinaleke. Ndi matenda amene ndinabwera nawo kuno ku Birmingham pamodzi ndi jekete yopyapyala ndi nsapato zolowa madzi. Akazi anga ndi namwino pa chipatala chachikulu cha ku Bordesley Green, ndipo ndi iwo anatibweretsa kuno. Ine ndinangotsatira ngati chikwama cha m'manja. Ntchito yanga ndi yolongedza makatoni mu weyahausi ina ku Nechells. Ndikaweruka ndimadzera ku laibulale, moti m'zaka zimenezi ndaphunzira kuweta njuchi, kuyendetsa bwato la mu ngalande ndi kumanga mpanda wa miyala wopanda simenti, zonsezo ndili chigonere pa sofa ku Aston. Njuchi ya kuno sinandilumepo. Akazi anga amati ndine katswiri wa zinthu zimene sindinazigwirepo, ndipo sindiwatsutsa.

Thabwa la mapiritsi ndinalidziwa chifukwa cha mpira. Nyumba imene timachita lendi ili pafupi ndi bwalo, ndipo Loweruka la masewero msewu wathu umadzaza anthu oimba, apolisi ndi fungo la anyezi wokazinga. Ine mpira sindiutsata, choncho ndimathawa kusanadzaze. Loweruka lina ndinathawira ku Digbeth, mvula n'kundikankhira m'fakitale yakale imene anaisandutsa msika wa zinthu zamakedzana. Ndi kaunjika wa azungu, kungoti kaunjika wake chinthu chikakalamba m'pamene chimakwera mtengo. Munali mawotchi oima, zipewa za asilikali, ndi mbale zobenthuka zimene kwathu tikanaikira nkhuku madzi.

Kumapeto kwenikweni kunali mdala wina wachizungu, atakhala pafupi ndi kahita kotenthetsera m'chipinda, akugulitsa za m'mafamasi akale: mabotolo a buluu, timitondo tamkuwa, timasikelo. Pa shelefu yapakati panali thabwa lija. Kutalika kwake kunali ngati kuchokera pa chigongono kukafika ku nsonga za zala, mtengo wake wofiirira ngati mbawa. Cha kumapeto anakhomapo mkuwa wokhala ndi tingalande tondondozana, ndipo pamwamba panagona chodulira chake, kathabwa kopingasa ka zogwirira ziwiri, nakonso ka tingalande tofanana ndi tapansipo. Pambali panali kambale ka mtengo, kozungulira, kokwana m'chikhato, kokumbika pang'ono kunsi.

"Ndi chopangira mapiritsi," anatero mdalayo ataona kuti ndaima nthawi yaitali. "Gwirani, sichiluma."

Ndinagwira. Zogwirira zija zinali zakuda ndi zosalala ngati mpini wa khasu la munthu wolimbikira. Cha kumanja chinali chodyeka kuposa cha kumanzere, ndipo chala changa chachikulu chinakalowa ndendende m'kadzenje kamene chala cha munthu wina chinakumba pang'onopang'ono, munthu amene anafa kalekale ine ndisanaganiziridwe n'komwe. Mkuwa nawo unali utada ngati tiyi wopanda mkaka, kupatula m'milomo ya tingalande momwe munkawala pang'ono. M'dziko muno ndinali nditakhalamo zaka, koma aka kanali koyamba kumva ngati mzungu wandipatsa moni wa dzanja n'kuchedwa kulichotsa.

Mlungu umenewo njuchi ndinazisiya. Ndinawerenga kuti kale, mafakitale asanayambe kutulutsa mankhwala m'timapaketi, wa famasi ankapanga mapiritsi yekha kuseri kwa kauntala. Ankasinja mankhwala, kusakaniza ndi manyuchi mpaka akhale ngati ufa wokanda, kuwapota pa thabwa kuti akhale kachingwe, kugoneka kachingweko mopingasa pa tingalande, kenako kukoka chodulira uku ndi uku. Kachingwe kankaduka timibulu tofanana, n'kugubuduzikira m'kabokosi ka kumapeto. Kambale kaja kanali komalizira ntchito: ankavundikira nako timibuluto n'kumazunguza mpaka tibulungike bwino. Mapiritsi a anthu olemera ankawakutanso ndi siliva, kuti ngakhale podwala asafanane ndi ife. Ndinawerenganso za anthu otolera zida zimenezi, amene amazisaka m'misika ndi m'nyumba za amasiye, ndipo pa chinthu chimodzi onse amagwirizana: usachikweche. Kuda kuja ndiye ulemerero wake. Ukachiwalitsa wafufuta manja onse amene anachigwira, watsala ndi thabwa ndi mkuwa basi.

Nkhaniyi ndinaitula kunyumba akazi anga akuvula nsapato za ku ntchito.

"Mukufuna kugula thabwa," anatero.

"Si thabwa wamba."

"Limapanga mapiritsi a chiyani?"

"Panopa silipanga."

"Ndiye ndi thabwa lopuma pa ntchito. Abambo, tidikire Khirisimasi idutse, ovataimu yanu tiione kaye."

Sanakane, ndipo m'nyumba mwathu kusakanidwa ndi kupambana. Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse la mpira ndinkapita kukalizonda thabwa lija ngati m'bale wogonekedwa. Mdala uja anazolowera, akandiona ankangolitsitsa pa shelefu osafunsa. Sindinamuuze kuti andisungire. Ndinkaganiza kuti palibe munthu wina mu Birmingham wa mutu wofanana ndi wanga, ndipo m'mtima ndinali nditayamba kale kulitchula kuti langa.

Tsono pali alamu anga, mlongo wawo wa akazi anga, wamng'ono. Anabwera kuno pa maphunziro, anamaliza, ndipo ndi wa famasi weniweni, wa satifiketi ya pa khoma. Nthawi imeneyo anali atangogula kumene nyumba ku Solihull, ya udzu kutsogolo ndi kumbuyo. Ndi munthu wabwino, woseka, wosaiwala tsiku lobadwa la munthu. Munthu wotere ndi wovuta kumuchitira nsanje, chifukwa sakupatsa pogwira.

Ndinawauza za thabwa tikumwa tiyi titatuluka m'tchalitchi. Ndinkafuna kuti munthu wa ntchitoyo aone kuti nanenso ndikudziwako kanthu ka kwawoko. Sindinalekere pa kuwauza, ndinachita kuwatenga pa galimoto yawo yomwe, kuwalozera njira, kuwasonyeza ndi poimika pomwe. Analigwira thabwa lija, anakoka chodulira kawiri katatu, n'kuseka.

"Alamu, inu mumafukula zinthu. Anthu akuthamangira mtsogolo, inu mwatembenuka mukuthamangira kumbuyo."

Basi. Anagula kabotolo ka buluu, tinabwerera.

Loweruka la mpira lotsatira ndinapeza pa shelefu pali mpata, fumbi litajambula malo amene thabwa linkakhala.

"Mnzanu uja anabweranso," anatero mdala uja, akusangalala ngati wandichitira zabwino. "Anati ndinu apachibale. Ndinamupatsa ndi kambale komwe."

Ndinayamika. Ndinatuluka, ndinaima pa siteji, basi yanga inabwera n'kupita ine ndikuiyang'ana.

Madzulo ake alamu anaimba foni okha.

"Alamu, mwaona zimene ndachita? Ndinaona kuti mukuchedwa, ndinati azungu atilanda. Panopa lili m'banja. Likhala pa balaza, mukafuna kuliona muzingobwera."

Analibe chinyengo m'mawu, ndipo chimenecho ndicho chinandipweteka kwambiri. Ndinayankha monga tinaleredwera. Kwathu mnzako akagula malaya atsopano sumuuza kuti zakuwawa. Umati, mwagula bwino, mukatopa nawo mundipatse. Ndi mawu oyamikira, aliyense amadziwa kuti palibe chimene chiperekedwe, onse amaseka, nsanje imatuluka ndi mpweya.

"Mwagula bwino, alamu. Mukatopa nalo mundipatse."

Iwo anaseka. Ine ndinayesa, koma chimene chinatuluka chinali ngati chifuwa.

Za nsanje ndinali nditawerengapo zambiri, ndipo m'mabuku imakhala ya anthu olimbirana ufumu kapena mkazi. Palibe buku linandichenjeza kuti bambo wa imvi angathe kuima pakati pa makatoni ku Nechells, tepi ili m'manja, akuganiza za chala cha mlamu wake chikulowa m'kadzenje kaja. Nyumba ya ku Solihull sindinkaisirira. Galimoto yawo ndinkakweramo mosangalala. Satifiketi ndinali nditaikhululukira kalekale. Koma munthu amene ali nazo zonsezi angakatenge bwanji thabwa limodzi limene munthu wopanda kanthu wadzipezera? Ndinkadzifunsa zimenezi pa basi, m'bafa, ngakhale pa nthawi ya ulaliki. Ndinafufuza ena ofanana nalo pa foni, ndinawapeza, ena okongola kuposa. Sanali langa lija.

"Nkhope yanuyi mwaiona?" anandifunsa akazi anga m'mawa wina. "Ngati mwatafuna kwinini."

"Ndi nyengo."

"Nyengo yake ya ku Solihull."

Iwo anauza mkazi wa alamu, mwa nthabwala. Mkazi wa alamu, amene mwa chibale chathu ndimawaitana achemwali, anauza amayi a m'kwaya, mwa nthabwalanso. Pofika Lamlungu, bambo wina wa ku Zambia amene timapemphera naye anandigwira phewa n'kundifunsa ngati thabwa langa likupeza bwino kumene linakwatiwa.

Kutatsala pafupifupi mlungu kuti alamu achite mapemphero otsegulira nyumba, anatiitana kuti tikathandize kukonza. Thabwa linali pa tebulo la kukhitchini. Ndinalipatsa moni ndi maso okha.

"Alamu, munaliwerenga, koma munalionapo likugwira ntchito?" anafunsa alamu.

Anakanda ufa wa buledi ndi madzi pang'ono, anawaza wina wouma pa thabwa. Anati chaka choyamba ku yunivesite mphunzitsi wina wokalamba anawasonyezapo, kuti adziwe kumene ntchito yawo inachokera. Anapota kachingwe kosalala ngati kandulo, anakagoneka pa tingalande, anakoka chodulira, ndipo timibulu tinagubuduzika tokha m'kabokosi ngati ana akutuluka m'kalasi. Kenako anativundikira ndi kambale n'kuzunguza dzanja mopepuka, akulankhula za mtengo wa makatani. Atavundukula, tonse tinali tobulungira, tofanana, ngati ndowe za mbuzi yathanzi.

"Yesani, aphunzitsi."

Ndinafotokoza kaye mmene zimayenera kukhalira, mwatsatanetsatane, mpaka ndi dzina la mtengo umene ankasemera kambaleko. Kenako ndinagwira. Kachingwe kanga kanatupa pakati n'kuonda kumapeto. Nditakoka, ufa unamatirira m'tingalande, ndipo zimene zinatuluka zinali zitosi za khoswe, zina zazitali, zina zophwanyika.

"Odwala anu, abambo, bola ndisawalandire pa shifiti yanga," anatero akazi anga.

Tinaseka tonse. Mkati mwanga munkayaka. Ndinkadzitonthoza kuti alamu ali ndi thabwa koma ine ndi amene ndikulidziwa, ndipo apa chitonthozo chimenecho chinali chitagwera m'kabokosi pamodzi ndi zitosi zanga.

Achemwali anabwera ndi kansalu kudzapukuta ufa. Analitembenuza thabwa uku ndi uku, atakwinya mphuno.

"Chinthuchi ndiye chalitsiro. Chisanapite pa balaza ndichikwecha kaye. Abusa asadzaone ngati m'nyumba muno mulibe mkazi."

Achemwali anga ndi a ku Thyolo, ndipo mapoto awo ungadzimetere ndevu. Anakula akukwecha ndi mchenga ndi phulusa, ndipo ngakhale kuno, kumene kuli makina otsuka mbale, akatulutsa poto m'makinamo amamubwereza ndi sitiliwulu.

"Ayi, achemwali, musalikweche," ndinatero. Mawu anatuluka mofulumira ndiponso mokweza kuposa mmene ndinkafunira. "Si litsiro limenelo. Ndi zaka. Ndi manja a anthu. Mukalikwecha mwalipha."

Kenako achemwali anayang'ana akazi anga, akazi anga anayang'ana kudenga.

"Achimwene, ndiye mukuti ndiike chinthu chakuda bii pa balaza latsopano, pa shelefu yoyera, alendo adzachione choncho?"

"Anthu otolera zinthu zimenezi amazifuna zili choncho."

"Anthu ake ati? A ku Aston?"

"Mabuku onse amatero."

"Mabuku anakupangitsani mapiritsi aja," anatero, akuloza zitosi zanga ndi kansalu. "Nenani chilungamo, achimwene. Simukufuna kuti likongole poti lili kuno. Likanakhala kwanu bwenzi mutalipaka ndi mafuta odzola omwe."

Alamu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndipitirize, koma phazi la akazi anga linandipeza kunsi kwa tebulo.

Pobwerera, pa sitima, akazi anga anandiuza mofatsa.

"Mwina mukunena zoona, abambo. Koma pakamwa pakunena zina, nkhope ikunena zina, ndipo anthu amamvera nkhope. Munthu amene wakhala akuonda ndi thabwa la eni ake sangakhale mboni pa mlandu wa thabwalo."

Sindinagonje. Pa buleki ku ntchito ndinawaimbira alamu, ndili panja pa weyahausi, mathiraki akubwerera m'mbuyo ndi kulira kwawo kuja.

"Alamu, tiike nthabwala pambali. Thabwa ndi lanu, ndavomera. Koma lisakwechedwe. Kafunseni mdala uja ngati simukundikhulupirira."

"Ndakumvani, alamu. Mwinanso ndi zoona. Koma ine sindikufuna kuligulitsa, ndikufuna kuliona. Ndipo mukuwadziwa achemwali anu. Akanena kuti chinthu chikwechedwe, ngakhale ineyo ndimangolowa m'bafa."

"Muwauze kuti ndi inu mukukana."

"Adziwa kuti mawuwo achokera ku Aston. Pepani, alamu. Tsiku lija mudzabwere ndi mipando yopinda ija."

Ndinabwera nayo mipando. Nyumba inadzaza, nsapato zinaunjikana pakhomo ngati pa msika, ana akuthamangathamanga akuyankha makolo awo m'Chingerezi. Abusa anapemphera chipinda ndi chipinda, ife tikutsatira pambuyo. Titalowa pa balaza, anthu onse atatseka maso, ine ndinatsegula anga.

Linali pa shelefu yoyera pafupi ndi windo. Achemwali sanachite zachibwana. Mkuwa anaukwecha ndi sitiliwulu ndi mandimu mpaka kangalande kalikonse kakuponya kuwala kwake. Mtengo anaupala ndi sandipepa n'kuupaka vanishi. Zogwirira zinali zoyera mbuu, zofanana kumanja ndi kumanzere, ngati zatuluka dzulo kwa kalipentala. Kadzenje ka chala kanali katasalazidwa. Munthu uja amene anandipatsa moni wa dzanja anali atachoka, ndipo amene anamuthamangitsa anali ataima pambali panga, atavala chitenje chatsopano, akuti ameni.

Ndikanakonda kulemba kuti linanyansa. Ndinayesetsa kuliona lonyansa. Koma dzuwa la masana lija linalowa pa windo n'kugwera pa mkuwa, ndipo thabwa linayaka ngati guwa. Linali lokongola. Silinalinso limene ndinalikonda, koma ndinkalifunabe, ndipo ndinakwiya kuti ndikulifunabe. Nsanje ndi chisoni zinakhala pa mpando umodzi wopinda, ine ndili pansi pake.

Pa nthawi ya chakudya anthu analizungulira. Amayi a m'kwaya anawayamikira achemwali kuti manja awo ndi odala. Wina anafunsa kuti ndi chiyani, ndipo ndinkayembekeza kuti alamu anena mawu anga ngati awo, kuti ndipeze chifukwa chabwino chowadera. Sanatero.

"Funsani alamu angawa. Ndi iwo analipeza, ndi iwonso akudziwa mbiri yake. Ine ndinangowadumpha pa mzere."

Ndiye ndinaimirira, mbale ya mpunga ili m'manja, n'kufotokoza za manyuchi, za kachingwe, za siliva wa anthu olemera. Anthu anamvetsera bwino. Nditafika pa za anthu otolera zakale ndi mmene amakondera kuda kuja, bambo wa ku Zambia uja anadula.

"Ndiye inu mumafuna likhale lakuda, kuti alamu anu asanyade nalo?"

Balaza lonse linagwa ndi phwete. Ndinaseka nawo, ndinati ndikukatunga madzi, n'kuthawira kukhitchini.

Kumeneko achemwali anali okha, akuthira tiyi m'mafulasiki. Ndinatenga kapu, ndinatsegula mpopi, ndipo maso anga anagwera pafupi ndi ketulo. Kambale kaja kanali pamenepo, chagada, masupuni awiri onyowa atagona m'kati mwake. Kanali kakuda monga ndinakasiyira. M'mbali mwake, momwe chikhato chinkagwira pozunguza, munali mosalala, mowala kuwala kwake kwa kale, kumene si kwa vanishi.

"Aka simunakakweche?"

"Nthawi inandithera. Komanso kameneko alendo sakaona. Kakundisungira masupuni."

Ndinakanyamula, ndinachotsa masupuni, ndinakapukuta ndi malaya anga. Mawu aja anabwera okha, ndipo ulendo uno sanali oyamikira ayi.

"Achemwali, mukatopa nako mundipatse."

Achemwali anaika fulasiki pansi.

"Ndatopa nako kale. Tengani, achimwene, mwina nkhopeyo ingamasuke. Koma masupuni angawo muwapezere sosala musanatuluke."

Ndinawapezera sosala. Kambale ndinakaika m'thumba la jekete, ndipo mapemphero otsekera onse dzanja langa linali m'thumba.

Panapita milungu ingapo. Kambale kanakhala pa shelefu ya mabuku ku Aston, pakati pa njuchi ndi mabwato, ndipo ndikaweruka ndinkakagwira pang'ono ndisanavule jekete. Sindinganene kuti ndinachira. Munthu amene ankafuna ng'ombe akapatsidwa belu lake samaiwala ng'ombe.

Tsiku lina alamu anaimba.

"Alamu, anzanga a ku ntchito akufuna ndidzawasonyeze kapangidwe ka mapiritsi akale. Ndayesa dzulo, akuduka bwino, koma akutuluka a makona. Kaja kobulungizira kali kuti? Madamu akuti ndifunse ku Aston."

"Kali kuno."

"Eya. Ndiye ndimati..." Anakhosomola. "Mukatopa nako, alamu."

Ndinakhala pansi kuti ndiwamve bwino mawu amenewo. Anali okoma kuposa mmene amamvekera ukamawanena wekha.

"Mwapempha bwino, alamu. Kungoti sindinatope nako. Kameneka sikayenda, kakalamba. Thabwa ndi limene lili ndi galimoto."

Anabwera Loweruka, ndipo poti saidziwa Aston anabwera tsiku la mpira, n'kukaimika galimoto kutali, kumayenda pansi pakati pa anthu oimba, thabwa atalikulunga m'thawulo ngati khanda. Tinaliika pa tebulo lathu lodyera, limene mwendo wake umodzi timauchirikiza ndi katoni. Kwa masana amodzi thabwa la mapiritsi linali m'nyumba mwanga. Alamu ankapota ndi kudula, ine ndinkabulungiza, chifukwa ndinanena poyambirira kuti kambale sikachoka m'dzanja langa. Anandisonyeza kuti ndisamakanikize, ndizingozunguza ngati ndikusisita mwana. Ena anabulungika. Ambiri anatuluka ngati nyemba. Alamu anawaika m'kabotolo ka buluu kaja kuti akasonyeze anzawo, ndipo anati akawauza kuti a makonawo ndi a odwala osauka.

Mpira utatha anthu atachepa mu msewu, analikulunganso m'thawulo. Ndinawaperekeza mpaka pa galimoto, ine ndi amene ndinanyamula. Analikhazika pa mpando wa kutsogolo n'kulimanga lamba.

"Mukatopa nako, alamu," anatero akutsitsa galasi.

"Inunso, alamu."

Ndinaima m'mbali mwa msewu mpaka galimoto inakhota. Ndikubwerera ndinakumana ndi anthu a timu imene inagonja tsiku limenelo, akuyenda mwakachetechete, masikafu ali m'manja, ndipo ndinayenda nawo limodzi mpaka pa geti pathu.